Kagudumu Kofiira ka Pansi pa Sitima

Kepi Tawuni
12 Malichi 1995

Wokondedwa mkazi wanga, amake Tiyamike,

Landirani moni wanga, inu pamodzi ndi mwana wathu ndi apongozi. Ine kuno ndili moyo, kungoti mseru wandizunza masabata atatu. Kaya inu muli bwanji ku Kachulu ndi mvula yanjomba ya chaka chinoyi.

Musadabwe ndi malo amene ndalemba pamwambapa. Ku Joni ndinachokako. Ntchito yosamala maluwa ija inatha, bwana anagulitsa nyumba. Ndili kuno chifukwa cha Mussa wa ku Songani, uja ankabwera pa njinga kudzapikula matemba kwa ife. Ali kuno zaka zinayi, amagwira ntchito pa doko. Anandiuza kuti sitima ina ikufuna munthu wosaopa madzi. Nditakanena kwa eni sitimayo kuti ndine msodzi wa pa Chilwa anaseka, koma anandilemba ndithu.

Sitimayi si ya nsomba, si ya katundu, si ya apaulendo. Ndi ya anthu ophunzira amene amafufuza nyanja. Onse amatchedwa madokotala, koma palibe angakuchizeni ngakhale chipere. Amatsitsa mabotolo pa chingwe chachitsulo, kutunga madzi a pansi, kuwayang'ana pa galasi, kenako kulemba. Akuti akufuna kudziwa ngati nyanja ikudwala. Nyanja yake musaiyerekeze ndi yathu. Pa Chilwa nsungwi imagunda pansi paliponse, munthu nkumakankha bwato. Kuno chingwe chimatsika ola lathunthu osakhudza matope.

Ine ndili pansi, ku injini. Ndimapukuta, kusesa ndi kuthira oyilo. Wondiyang'anira ndi injiniya wina dzina lake Kenneth, munthu wamimba, woseka ndi aliyense. Sanandivutepo.

Chimene chandinyansa ndi ichi. Lachinayi lapitali anaponya khoka lalikulu ngati tchalitchi chathu. Nsomba zimene zinatuluka, amake Tiyamike, mudzi wonse wa kwanu ukanadya ndiwo mpaka kukolola. Madokotala anatapapo madengu awiri, kuziyeza ndi rula, kuzitumbula, kulemba. Atatha anatiitana ife ndi mafosholo. Zotsala zonse tinazikankhira m'madzi zitafa kale. Ndinapempha kuti nding'ambeko zochepa ndiyanike pamwamba pa sitima, poti dzuwa nlaulere. Anandiyang'ana ngati ndatukwana, akuti zinunkhitsa sitima. Tsiku limenelo chakudya chinandikana.

Bwato langa musabwereke wina aliyense kupatula alamu anga a Enoki. Ukonde wakale uja muupachike pamwamba, makoswe angaudye. Tiyamike asajombe kusukulu chifukwa cholondera mbalame ku mpunga.

Ndine mwamuna wanu,
Gerishomo


Kepi Tawuni
18 Juni 1995

Amake Tiyamike,

Kalata yanu ndinaipeza kwa Mussa titabwerako ku ulendo wa masabata asanu. Ndakondwa kuti nonse muli bwino ndi kuti chifuwa cha apongozi chaleka. Ine mseru unatha, m'sitima ndimayenda ngati pabwalo. Kuno kukuzizira, ndipo mvula ikugwa mu Juni. Dziko lake nlotembenuka.

Zoti madzi athawa pa doko la Kachulu mpaka asodzi akuyenda mtunda asanaponde ponyowa zandidetsa nkhawa. Malemu bambo anga ankasimba za chaka cha 1968, nyanja itauma yonse. Ndinkayesa akukokomeza. Bwato mulikokere pamthunzi, mulifunditse udzu, lingang'aluke.

Kuyambira lero pa envelopu muzilemba kuti Dickson Nampinga, osati Gerishomo. Dickson ndi munthu wina amene anabwerera kwawo nasiya mapepala ake. M'sitima onse amandidziwa ndi dzina limenelo. Zotsala tidzakamba pamaso.

Zimene ndilembe apazi musawawerengere apongozi.

Pansi pa injini pamasonkhana madzi akuda, osakanikirana ndi oyilo, dizilo ndi zonse zodontha. Fungo lake limalowa mpaka m'mano. Lamulo lake nlakuti madziwo adutse m'makina osefa, oyilo atsale, tikamtsitse pa doko. Makinawo anafa chaka chatha. Kenneth akuti analemba kawiri kupempha zitsulo zatsopano, akuluakulu a kumtunda anangoti adikire. Ndiye iye analumikiza paipi yakeyake yolambalala sefayo, yotulukira kunja kwa sitima pansi pa madzi. Pa paipiyo pali kagudumu kofiira kotsegulira. Madokotala akakhala pa tebulo masana, iye amandikodola ndi chala, ine nkukapotokola.

Tsiku loyamba ndinafunsa kuti, "Bwana, madziwa akupita kuti?"

Anati, "Kwa Mulungu. Nyanja ndi yaikulu, Dickson, imameza zonse."

Ndinakwera pamwamba kukasuzumira kumbuyo kwa sitima. Panali mzere wonyezimira pamwamba pa madzi, utali wake ngati kuchokera kwathu kukafika ku Jali. Mbalame zinkatera momwemo. Pa nthawi imeneyo madokotala anali kudya nkhuku, akutsutsana za mabotolo awo.

Ndaganiza kwambiri za anthu amenewa. Atenga sitima yaikulu, yakumwa dizilo ngati ng'ombe yaludzu, utsi wake wakuda ngati wa uvuni wa njerwa, kuti akafunse nyanja kuti chikuidwalitsa nchiyani. Zili ngati munthu kudzithandiza m'chitsime, kenako nkuvala magalasi kuti aone chanunkha.

Ndapatsira dalaivala wa lole wa ku Zomba bulangete lanu ndi nsapato za Tiyamike. Azisiya pa golosale ya achimwene ake a Mussa ku Songani. Ngati nsapatozo zili zazikulu aike nsanza kutsogolo, phazi likukula.

Wanu,
Gerishomo


Kepi Tawuni
24 Sepitembala 1995

Amake Tiyamike,

Moni nonse. Ine ndili bwino, kupatula manja amene asuka khungu chifukwa cha sopo wochotsera oyilo. Ndikhulupirira kuti kutentha kumeneko sikunakufooketseni.

Mwalemba kuti nsomba zotsala zathawira m'maiwe a mtsinje wa Likangala, ndi kuti alamu anga a Enoki akusinja katupe nkumathira m'maiwemo kuti nsomba ziledzere ziyandame. Muwauze kuti ndamva ndipo zandinyansa. Nsomba zabisala mmenemozo ndi mbewu. Nyanja ikadzabwerera, zodzaswa zidzachokera kuti? Katupe sasankha, amapha mlamba wamazira ndi kamwana komwe. Komanso madzi omwewo ndi amene inu mukutunga. Njala ilipo, ndikudziwa, koma munthu wamkulu ngati iwo asachite za uve. Ngati saleka, ukonde wanga uja ndinawabwereka abweze.

Kuno mwezi wathawu kunali phwando pa doko. Eni ake a sitimayi alengeza kuti sitima zawo zonse zitatu zikhala zaukhondo, zosaononga nyanja. Tinapenta masiku anayi. Anabweretsa mabini atatu: lobiriwira la zakudya zotsala, lachikasu la mapulasitiki, labuluu la zitini. Aliyense anampatsa sikipa yokhala ndi chithunzi cha nsomba ikuseka. Bwana wina wa tayi analankhula ola lonse, akuti adzukulu athu adzatithokoza. Atolankhani anajambula mabiniwo kutsogolo ndi kumbuyo. Ine anandiimika pambali pa lachikasu, akuti ndimwetulire. Ku injini sikunatsike mlendo ndi mmodzi yemwe. Masitepe ake ndi oterera, ndipo iwo anali atapolisha nsapato.

Phwando litatha ndinamfunsa Kenneth ngati zitsulo za sefa zabwera pamodzi ndi mabiniwo. Anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati, "Sefa ili pansi, Dickson. Ndani angaijambule?"

Pa ulendo wotsatira tinasankhula zinyalala mosamala, chilichonse m'bini lake. Wina akasokoneza, kapitawo wa pamwamba ankamkalipira. Tsiku lachisanu ndi chitatu mabini anadzaza. Kosungira zina kunalibe, wogula mabiniwo sanaganizeko zimenezo. Kapitawo yemwe uja anatiuza kuti tikakhuthule kumbuyo. Zobiriwira, zachikasu, zabuluu, zonse zinakakumana m'madzi. Mapepala apulasitiki ankatitsatira ngati akatumbu. Pamodzi ndi zimenezo tinatayanso zitini za penti ija tinakongoletsera sitima, ndi mankhwala ena oyabwa m'maso amene madokotala amasungiramo tizilombo tawo.

Chasintha nchimodzi chokha. Tsopano kagudumu kaja ndimapotokola nditavala sikipa ya nsomba yoseka.

Mwafunsa ngati ndimapita ku tchalitchi. Tikakhala pa doko ndimapita, kuli a Malawi angapo. Ndimakhala kumbuyo.

Mbewu ya mpunga wa faya musaigulitse ngakhale wina akunyengerereni bwanji. Ku sikimu kukapanda madzi chaka chino, idikira chaka chamawa.

Ndine wanu,
Gerishomo


Kepi Tawuni
10 Disembala 1995

Amake Tiyamike,

Ndikupatsani moni ndi mtima wolemera. Thupi lili bwino. Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Zoti njinga zikufika pa chilumba cha Chisi, ndi kuti pamene ndinkatchera ukonde pakuuluka fumbi, maso anga akukana kuziona. Mwati mukukumba zitsime m'matope a nyanja ndipo madzi ake ndi owawa. Muziwiritsa, ngakhale nkhuni zikusowa.

Pakati pa madokotala pali mayi wina, Dokotala Angella, wa msinkhu wanu. Ndi yekhayo amene amapereka moni kwa ife a pansi. Ntchito yake ndi kuyeza ngati m'madzi muli mafuta. Pa ulendo wathawu ankapeza mafuta m'mabotolo ake tili pakati pa nyanja, kumene sitima zina sizidutsa. Anatsuka mabotolo, anasintha chingwe, anakalipira anzake kuti akugwira ndi manja akuda. Mafuta ankapezekabe.

Lachiwiri lina tinavuula mbalame. Kuno kuli mbalame zosauluka, zosambira, zoyenda choimirira ngati munthu wovala jekete. Imeneyi inali yakuda bii ndi oyilo, maso okha akuphethira. Madokotala onse anaizungulira. Anaisambitsa ndi sopo wa mbale m'beseni, anaifunditsa thaulo, wina akutukwana sitima zonyamula mafuta. Ine ndi amene ndinkawatungira madzi ofunda. Dzulo lake masana ndinali nditapotokola kagudumu kaja. Mbalameyo inafa mmawa mwake, anaiika m'furiji ndi kapepala kumwendo.

Tsiku lomwelo Dokotala Angella anatsika ku injini. Anali woyamba mwa iwo kutsika. Kenneth anali kukapuma. Anandifunsa kuti, "Dickson, madzi akuda a pansipa amapita kuti?"

Ndinati, "Amadutsa m'sefa, mayi."

"Sefayo imagwira ntchito?"

"Zimenezo adziwa ndi a injiniya."

Anandiyang'ana kumaso, nakwera. Paipi ija inali kumbuyo kwanga, nditaitchinga ndi msana.

Kenneth anamva kuti mayiyo anatsika. Madzulo tikuweruka anandigwira paphewa mwachikondi. Anati, "Tsiku lina ndinayang'anitsitsa mapepala ako. Munthu wa pa chithunzi ali ndi chipsera pamphumi. Chako chinapola bwino kwambiri." Kenako anandipatsa lalanje.

Ndinalidya lalanjelo, amake Tiyamike. Ndi chimene chikundinyansa kuposa zonse.

Pa Khirisimasi sindibwera. Munthu ngati ine akatuluka pa chipata cha dziko lino, kulowanso nkovuta, ndipo kumeneko palibe chimene ndingadzagwire nyanja itauma. Ndatumiza thumba la ufa ndi mafuta ophikira pa lole yomwe ija. Apongozi muwauze kuti ntchito ikuyenda bwino.

Gerishomo


Kepi Tawuni
25 Febuluwale 1996

Amake Tiyamike,

Mwana ali bwanji tsopano? Akudya? Wayamba kuyenda yekha? Mundiyankhe msanga, musadikire za sitampa, apempheni aphunzitsi akuthandizeni.

Kalata yanu Mussa anandipatsa pa doko sitima ili pafupi kunyamuka, ndinaiwerenga tili kale pamadzi. Kolera. Masiku anayi mu tenti ya chipatala, madiripu asanu ndi awiri, ana awiri a bedi loyandikana naye osatuluka amoyo. Ine masiku amenewo ndinali kupukuta zitsulo, osadziwa kanthu. Mwati a Enoki ndi amene anam'bereka pa njinga, inu mukuthamanga pambuyo. Muwauze kuti mawu aja ndinawalembera mu Sepitembala ndawabweza. Si kuti katupe ndi wabwino, ayi. Koma ine sindinali woyenera kuwanena. Iwo anadetsa dziwe limodzi ali ndi njala. Ine ndadetsa nyanja nditakhuta nkhuku.

Kumapeto kwa kalata yanu munafunsa kuti munthu wodetsa madzi amene anzake akumwa, mtima wake ndi wotani. Ndikudziwa kuti munkanena anthu a kumtunda kwa mtsinje. Koma funsolo linandipeza.

Tsiku lachitatu la ulendo, madokotala atakhala pa tebulo, Kenneth anandikodola monga mwa masiku onse. Ndinati, "Lero ayi, bwana."

Anati, "Wadwala?"

"Mwana wanga ndi amene anadwala."

"Ndiye zikukhudzana bwanji ndi paipi?"

Ndinalephera kumfotokozera, Chizungu chinandithera. Anagwedeza mutu, napita kukapotokola yekha. Ine ndinakwera masitepe, ovolosi ili ndi oyilo, mpaka m'chipinda chodyera madokotala, mmene ife sitiloledwa. Onse anasiya mafoloko. Ndinati, "Mayi Angella, tabwerani muone. Mutenge kamera."

Poyamba ndinapita nawo kumbuyo kwa sitima, anaona mzere uja. Kenako tinatsika. Kenneth tinampeza dzanja lili pa kagudumu. Mayiyo anajambula paipi, sefa yakufayo, ndi iye yemwe. Sanakalipe. Anangokhala pa sitepe yamafutayo, nati, "Chaka chathunthu ndakhala ndikuyeza sitima yanga yomwe."

Kaputeni analamula kuti paipiyo itsekedwe. Madzi akuda anayamba kudzaza pansi, ndipo ulendo wa masabata anayi unathera pa masiku khumi ndi awiri. Madokotala ena sakundiyankha moni, akuti ndawaonongera kafukufuku wa chaka. Anzanga a ku injini amanyamuka ndikakhala pa benchi. Akuti kukubwera akuluakulu kudzafunsa mafunso.

Musade nkhawa ndi zimenezi. Inu samalani mwana. Mumgulire shuga ndi mchere wa m'madzi ake, ndipo asamwe chilichonse chosawiritsa ngakhale alire.

Bambo ake a Tiyamike


Kepi Tawuni
21 Epulo 1996

Amake Tiyamike,

Moni kwa inu nonse. Nkhani yoti mwana wabwerera kusukulu yandipatsa mphamvu. Ndakondwanso kumva kuti mvula inagwako, madzi ayamba kuoneka pakati pa nyanja, ndi kuti a Enoki alowa m'gulu lolondera maiwe kuti anthu asathire katupe. Ndinaseka ndekha. Wodziwa njira za wakuba ndiye mlonda wabwino.

Pa envelopu mubwerere ku dzina langa lenileni, muzitumiza kwa Mussa. Ndikugona kwa iye masiku ano. Za sitima ndayamba ndapumako.

Ndinafuna kulekera pomwepa, koma mudzamva ndithu kwa achibale a Mussa, bola mumve kwa ine.

Akuluakulu anabwera atatu, mmodzi ndi bwana wa tayi uja analankhula pa phwando. Anakhala m'chipinda chodyera, tiyi ndi mabisiketi patsogolo. Dokotala Angella anayala zithunzi pa tebulo. Kenneth anavala malaya oyera. Anatulutsa makalata awiri aja opempha zitsulo, bwana wa tayi nkuyamba kutsokomola. Kuyambira pamenepo mafunso anasintha. Sanafunsenso chifukwa chake sefa inakhala yakufa zaka ziwiri. Anafunsa kuti ndani ankapotokola kagudumu.

Ndinati, "Ine, bwana, pouzidwa."

"Kangati?"

"Maulendo asanu ndi anayi."

"Unkadziwa kuti nkulakwa?"

"Ndinkadziwa."

Analemba zimenezo mofulumira. Kenako wina anatsegula faelo yanga, nayang'ana chithunzi, nayang'ana mphumi yanga. Amene anamuuza poyang'ana sindikumfunsa.

Chigamulo chake nchakuti Kenneth wachenjezedwa, sefa yatsopano igulidwa, m'sitima zonse zitatu aika matanki osungira madzi akuda ndi kachipinda ka zinyalala, ndipo zonse zizitsitsidwa pa doko. Wantchito amene ankatsegula paipi wachotsedwa. Bwana wa tayi anandiuza mwaulemu kuti za mapepala sawauza apolisi ndikachoka mwakachetechete. Anati akundichitira chifundo, ndipo anadikira kuti ndithokoze. Ndinathokoza.

Dokotala Angella ananditsatira mpaka pa mlatho wotsikira. Maso anali ofiira. Anati anawakanira koma anamposa mawu, ndi kuti adzalemba nkhaniyi m'buku la akatswiri kuti sitima zina zofufuza ziphunzirepo. Ndinafunsa ngati dzina langa lidzakhalamo. Anati, "Dzina liti mwa awiriwo?" Anandipatsa jekete lake la mphepo. Ndi lothina m'mapewa, koma kukuzizira, ndikuvala.

Mwezi uno sinditumiza kanthu. Ngati zavuta gulitsani wailesi, bwato ayi.

Wanu,
Gerishomo


Kepi Tawuni
4 Ogasiti 1996

Wokondedwa mkazi wanga,

Moni wa chikondi kwa inu, kwa Tiyamike ndi kwa apongozi. Pepani pokhala chete miyezi itatu. Panalibe chabwino cholemba, ndipo masiku ena ndinkapewa misewu ina poopa apolisi. Tsopano ndili bwino. Ndinadwalako chifuwa mu Juni, chinatha.

Mwandikalipira kuti ndinaika pakamwa pa mwana pachiswe chifukwa cha nyanja ya eni ake, imene inu simudzaiona. Sindikutsutsani. Wailesi munachita bwino kugulitsa.

Ganyu ndapeza, ndipo museka mukamva. Popeza sitima zija tsopano zimabwera ndi uve wawo kumtunda, pakufunika anthu owutsitsa. Bwana wa Mussa ali ndi lole ndi pampu, ndipo safunsa za mphumi ya munthu. Timalumikiza paipi ku thanki ya sitima, kupopera madzi akudawo m'migolo, kukweza pa lole, nkukatula ku fakitale imene imatenga oyiloyo. Ndi ntchito yonyansa kuposa ya ku injini. Zovala zimaima zokha ndikavula.

Lachisanu lapitali inafika sitima yanga ija, ulendo wake woyamba wathunthu chiikireni thanki. Tinapopa kuyambira mmawa. Migolo inadzaza makumi awiri ndi itatu. Ulendo umodzi wokha. Ndinaimirira pakati pa migoloyo, yofika m'chiuno, nkukumbukira kuti ine ndinayenda maulendo asanu ndi anayi. Ndinayamba kuwerengetsa ndi chala pa fumbi la chitseko cha lole, koma ndinafufuta ndisanamalize. Chokhacho chimene ndinganene nchakuti iyi makumi awiri ndi itatuyi sinalowe m'madzi.

Tili mkati mokweza, panafika magalimoto. Phwando linanso. Atolankhani, bwana wa tayi, ndi alendo ochokera ku maiko ena amene akuti abwera kudzaphunzira mmene sitima yofufuza ingakhalire yaukhondo. Ulendo uno anatsika mpaka ku injini, masitepe anali atawayala kapeti. Wowaonetsa sefa yatsopano anali Kenneth. Anampatsa chikho chagalasi chifukwa chotsogolera kusinthaku. Dokotala Angella sindinamuone, akuti anasamukira ku bungwe lina.

Potuluka anadzera kumene tinali ife kuti alendo aone migolo. Kenneth anali mu yunifolomu yoyera kuyambira kolala mpaka nsapato. Atandiona sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anauza alendowo kuti, "Uyu ndinamphunzitsa ntchito ndine. Uli bwanji, Dickson?"

Ndinati, "Dzina langa ndi Gerishomo, bwana."

Anaseka ngati ndanena nthabwala, natambasula dzanja, makamera atatiloza. Inu mukudziwa mmene tinaleredwera kwathu, wamkulu akakupatsa moni sukana. Ndinalandira dzanja lakelo ndi manja awiri, lina m'chikhatho, lina ndagwira mkono wa malaya mpaka m'chigongono, ndikuwerama pang'ono. Magolovesi anga onona oyilo sindinavule. Anapitiriza kumwetulira, poti ankajambulidwa.

Mussa akuti bwana wathu akamva andichotsa. Mpaka lero sanamve.

Mundilembere kuti madzi afika pati, ndiponso ngati mafumu anena mwezi wotsegulira usodzi. Madziwo akangofika m'chiuno pa Kachulu, ine ndinyamuka.

Ndine mwamuna wanu,
Gerishomo